Mipando Imene Sinabwerere M'nyumba

Kuno kwathu munthu akamwalira, ntchito yoyamba ndi kutulutsa mipando. Anyamata amanyamula sofa, tebulo, kabati, zonse za pabalaza, n'kuziika panja, kuti azimayi apeze poyala mphasa ndi kugona pansi pamodzi ndi wamasiye. Azibambo ndiwo amakhala pa mipandoyo pabwalo. Maliro akatha, mipando imabwerera m'malo mwake. Mwambowu sindiutsutsa. Koma chinthu chikangotuluka pakhomo ndiye kuti ulendo chauyamba kale, ndipo ine sindine munthu wotsinzina pagulu, ngakhale popemphera.

Mkamwini wanga anamwalira chaka chotsatira chilala chija tinadya ufa wachikasu. Anali kalaliki m'maofesi a boma ku Lusaka, wokwera minibasi m'mawa uliwonse, nsapato zopukuta, nyuzipepala m'khwapa. Iye ndi mwana wanga wamkazi ankachita lendi nyumba ya magetsi kufupi ndi Chalimbana. Anali ndi ana atatu: mtsikana wa giredi sikisi, mnyamata wopondana naye, ndi kamtsikana koyamba kumene kulankhula. Ine ndinkakhala ndekha pa munda wanga cha ku Palabana, chimwalirire bambo a m'nyumba.

Mkamwiniyo sindinamukonde, koma mlandu sindinamupeze nawo. Anali munthu wogula zinthu. Sofa yofiira, firiji, sitovu yamagetsi, TV, kabati ya magalasi yodzaza makapu amene sanamwerepo munthu. Anadwala nthawi yaitali, matenda aja a masiku amenewo amene sitinkawatchula dzina, tinkangoyang'anana.

Uthenga unandipeza ndikufukula mtedza. Wogulitsa mkaka wina anandikweza pa njinga mpaka pamsewu, ndipo ndinafika pamaliro dzuwa lili pamutu. Mipando inali itatuluka kale. Pakati penipeni pa sofa yaikulu panakhala mkulu wake wa malemu, miyendo atatambasula ngati ali pakhomo pake. Anali mkulu wa mpingo kwawo cha ku Kasisi, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Baibulo ankaliyendetsa m'chikwama chachikopa chokhala ndi zipi.

"Apongozi, mwafika," anatero, osadzuka. "Limbani mtima. Ise tonse ndise alendo pano pansi."

"Inde, ndise alendo," ndinayankha. Mumtima ndinati mlendo sakhala pampando choncho.

Malo anga anali m'nyumba, pambali pa mwana wanga. Ndinalowa, ndinalira, ndinamugwira mutu. Kenako ndinati simenti ikundipweteka msana, ndikathandize ophika. Ndinatenga kampando kamatabwa ka kukhitchini, kamiyendo yosalingana, kamene mkamwini anakhoma yekha asanayambe kugula za m'masitolo, ndipo ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango pamene azimayi ankadula kabichi. Pamenepo ndinkaona mipando yonse, khomo la kutsogolo, khomo la kuseri, ndi zenera la pabalaza.

Zimene ndinaona pansi pa mango paja mpaka lero ndikazikumbukira malovu amandiwawa mkamwa.

Kwaya ikuyimba za mudzi wa kumwamba, mkulu wa mpingo uja maso ali tsinzinu, dzanja limodzi m'mwamba. Dzanja linalo linali pansi pa khushoni, kufinya masipuling'i a sofa, kuona ngati akadali olimba. Ankamva ludzu pafupipafupi, ndipo ana oti awatume analipo ambirimbiri, koma iye ankadzuka yekha, kuzungulira kuseri, kukatsegula firiji. Ndinkamuona pakhomo la kukhitchini akutseka chitseko cha firijiyo pang'onopang'ono, khutu ali tcheru, ngati munthu wogula mbuzi amene akumvetsera chifuwa chake.

Mlongo wawo, wa ku Lusaka, ndiye ankalira koposa tonse. Ankaimirira pazenera atagwira katani, kufuula dzina la m'bale wake. Koma ine ndasokapo nsalu. Wogwira nsalu chifukwa cha chisoni amaikwinya. Uyu ankaitambasula kuyambira pa chala mpaka pa chigongono, n'kusuntha, n'kutambasulanso. Ankayeza ngati ikwane pa mazenera ake.

Atatopa ndi kulira anatuluka kudzamwa tiyi, ndipo anaitana mdzukulu wanga wamkulu.

"Iwe, bwera kuno nikuone. Wakula, ka! Udziwa kusita? Nanga kupapa mwana kumsana?"

Mwanayo anagwedeza mutu. Mayiyo anamufinya pamkono, mmene mkulu wake anafinyira sofa. Ophika anali atandiuza kale kuti ali ndi khanda kunyumba, ndipo wantchito wake anathawa chifukwa cha njala ndi mbama.

Tsiku loika maliro tinakwera lole yaing'ono imene a kuchimuna anabwereka. Ndinakhala kumbuyo, pakona, ndipo china chake chinkandibaya. Nditapisa dzanja pansi pa saka ndinapeza zingwe zambiri, zatsopano, ndi mabulangete akale opindidwa bwino. Zingwe zotsitsira bokosi zinali kale kumanda ndi okumba. Izi zinali za ntchito ina. Mabulangete otero amafunditsa magalasi kuti asasweke m'mabampu.

Kumandako mkulu wa mpingo analalikira mpaka anasasa mawu. Anati taonani m'bale wanga, wapita ndi suti imodzi. Anati za pansi pano ndi zosiya, wanzeru amayang'ana kumwamba. Anthu anati amen. Ine ndinayang'ana nsapato zake. Zinali zopukuta bwino, zomuthina pang'ono, ndipo ndinazidziwa. Zinkakwera minibasi ya ku Lusaka m'mawa uliwonse.

Titabwerako, azimayi a mpingo anatengera mwana wanga kuseri kuti asambe. Ndinawauza kuti ndimuthandiza ndine. Atachoka ndinamunong'oneza zonse: masipuling'i, firiji, katani, zingwe, nsapato.

"Ninaona, amama," anatero.

"Unaona chiyani iwe, mutu uli m'chitenje?"

"Ninakuonani imwe pazenera. Kuyambira mufike, muyang'ana mipando monga ni ana odwala."

"Wina ayenera kuyang'ana! Mawa pa msonkhano usatsegule pakamwa, ukambe chiyani. Nizakamba ndine. Ninamva pa wailesi kuti manje kuli lamulo, wamasiye salandidwa katundu. Tizapita kukhoti."

Anakhala pa chidebe chovundikira, thaulo lili m'khosi. Pamenepo ndinaona bwino zimene ndinkaziona kale koma osafuna kuzitchula. Mafupa a m'mapewa anali poyera. Chitenje chimene kale chinkangokumana, tsopano chinkamuzungulira n'kutsalako. Tsitsi linali lofewa ngati la khanda.

"Khoti itenga nthawi bwanji, amama?"

Ndinawerama kutola sopo.

"Ine nthawi nilibe. Imwe mudziwa, simuphonya kanthu. Pamene ise tiyenda kukhoti, ana azakhala kuti? Uyu mukulu azakhala apapa mwana wa eni ku Lusaka."

"Ndiye chifukwa chake katundu afunika! Ukagona iwe, ana nizadyetsa chiyani? Firiji igulitsika. Sofa igulitsika. Yunifomu ya sukulu sagula na aleluya."

"Nidziwa."

"Udziwa chiyani?"

"Nidziwa kuti posachedwa nizaimirira pamaso pa Ambuye. Sazanifunsa za firiji. Azanifunsa kuti aja atatu ninakupatsa, unawasiya m'manja mwa ndani."

Ndinakwiya kwambiri. Ulaliki womwewo ndinali nditaumva kumanda kuchokera kwa munthu wovala nsapato za wakufa, ndipo tsopano unkatuluka mkamwa mwa mwana wanga. Ndinamuuza kuti mawu a kumwamba ndi otsika mtengo, aliyense ali nawo, ngakhale mbala. Anangoti, "Nithireni madzi kumsana, amama, yazizira." Ndinamuthira. Msana wake unali ngati wa nkhuku ya chitopa.

M'mawa mwake tinakhala pabwalo. Anthu a mpingo ndi oyandikana nawo anali atabalalika, tinatsala achibale. Mipando inali ikadali panja. Mnyamata wina mwa achibalewo anafunsa ngati ayambe kulowetsa, mkulu wa mpingo anati ayi, m'nyumba mukadali monyowa, akolopa kumene. Ine ndinali nditalowamo. Munali mouma gwa.

Anayamba ndi pemphero lalitali. Kenako anagawa zovala za malemu, malaya, mabuluku, mataye. Zimenezo ndi mwambo. Atatha anatsokomola, natsegula zipi ya Baibulo, koma osaliwerenga.

"Manje tikambe za ana," anatero. "Alamu athu ni odwala, tonse tiona. Sitingawasiyire mtolo. Ise monga banja tagwirizana. Mtsikana mukulu azapita na atate ake aakazi ku Lusaka, kuli masukulu abwino. Koma mwana afunika kudya bwino, ndiye sitovu na firiji vizamukonkha. Mnyamata nizatenga ndine. Anazolowera TV uyu, sitingamulande, ni wamasiye. Na mipando yamene anali kukhalapo na atate ake, azikumbukira. Kang'ono aka kakhale na amake."

Mlongo wake anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Nizamusunga monga wanga," anatero.

Ndakhala pa misonkhano ya maliro yambiri. Ndinaonapo olanda mwaukali, olowa m'nyumba n'kuzula ndi mababu omwe. Aja n'ngabwinoko, amadziwa kuti ndi afisi. Koma kumangirira mwana pa firiji ngati chingwe chokokera, zimenezo ndinali ndisanazione.

Ndinalankhula ndili pa kampando kanga, osagwada.

"Kwathu ana ni a kwa mayi. Sagawidwa monga mabuluku. Ndipo katundu uyu ni wa wamasiye na ana ake, boma inakamba."

"Apongozi," anatero mofatsa, akumwetulira, "boma sinakwatire mwana wanu. Kwanu ni kwanu, kwathu ni kwathu. Ise timalowola. Ng'ombe munalandira kapena simunalandire?"

Ndinalandira, zoona. Amuna anga ali moyo anazilandira, ngakhale ine ndinawachenjeza kuti anthu opereka ng'ombe amabwera kudzatenga china. Zinafa zonse ndi denkete, matenda a nkhupakupa aja anapululutsa makola kuno.

"Zinafa," ndinatero.

"Pepani. Koma ngati mufuna ana, khola ibwerere. Ise sitifuna nkhondo, ndise Akhristu."

Ndinali nditakonza mawu ena, oti akanamutuluka thukuta. Koma mwana wanga anavundukula chitenje kumutu. Wamasiye salankhula pa msonkhano wotere, amakhala chete pamphasa ena n'kumamulankhulira. Azimayi anamugwira mwendo kuti akhale chete. Iye analankhulabe, mawu ake ang'onoang'ono.

"Alamu, namva. Nipempha chimodzi chabe. Tengani vonse. Mipando, firiji, sitovu, TV, kabati, mabedi, makatani. Sinizapita kukhoti, sinizapita kupolisi, na amama sazapita. Koma ana onse atatu akhale pamodzi, na ine na ambuya awo. Nkhani ya ng'ombe ithere pano, pamaso pa onse."

"Iwe!" ndinakuwa. Sanandiyang'ane.

Ine, munthu wosakhulupirira aliyense, ndinaganizabe kuti achita manyazi pang'ono. Ndinati akana kaye, anene kuti magazi a m'bale wathu sitingawasinthanitse ndi matabwa, anyinyirike, mwina mpaka madzulo, kenako avomere ngati okakamizidwa. Ngakhale wogula nkhuku amayamba wachokapo kaye.

Mkulu wa mpingo anayang'ana mlongo wake. Mlongoyo anafunsa funso limodzi lokha.

"Na mapoto?"

"Na mapoto," anatero mwana wanga.

Mkuluyo anakweza manja onse awiri. "Abale, mwamva? Uyu ni mzimayi wa Mulungu. Mtima wake suli pa vinthu va pansi. Ise ndise ndani kuti tilekanitse mayi na ana ake?" Natseka zipi ya Baibulo.

Lole ija inali itaima kuseri kwa mpanda kuyambira m'mamawa. Kupakira sikunavute, popeza theka la katundu linali kale pabwalo. Zingwe zija zinatuluka pansi pa saka. Mabulangete anafunditsa kabati ya magalasi. Mlongo uja anakwera yekha pa tebulo kumasula makatani, misozi itauma. Mdzukulu wanga wamkulu anaima pakhomo atabereka kamng'ono kake, akuyang'ana bedi lake likukwera. Atate ake aakazi aja, amene pamaliro paja ankamufinya mkono, anamudutsa osamuyang'ana n'komwe, atanyamula ketulo.

Atamanga zonse, mayiyo anabwera pansi pa mango.

"Ba mbuya, ako kampando."

"Kachita bwanji?"

"Alamu akamba kuti vonse."

"Nyamulani," ndinatero. "Koma munyamule na ine pamwamba. Nizakakhala pabalaza panu, niziyang'ana."

Anaseka kuseka kosafika m'maso, nachoka. Asananyamuke, mkulu wa mpingo anatiitana tonse kuti tigwirane manja, apempherere ulendo ndi ana amasiye. Ine manja ndinapinda, maso ndinasiya otsegula. Iye naye diso limodzi linali pa chingwe chimene chinkaoneka cholekera.

Madzulo ake tinakwera minibasi, ine, mwana wanga, ana atatu, mtolo wa zovala, ndi kampando. Kondakitala anafuna kukaika pamwamba, ndinakana, ndinakafungatira pamiyendo. Njira yonse sindinamulankhule mwana wanga. Titatsika, tikuyenda kanjira ka kumunda, anandigwira mkono chifukwa mpweya unkamuthera.

"Mukali okwiya, amama?"

"Nizakwiya mpaka kufa."

"Kwiyani chabe. Koma onani kutsogolo."

Kutsogoloko ana atatu ankayenda mondondozana, mnyamata atasenza mtolo, akukangana za amene adzagone kukhoma.

Mwana wanga anakhala nafe mpaka tinakolola chimanga cha chaka chotsatira. Masiku amene anali ndi mphamvu ankakhala pa kampando kaja pakhonde, kuphunzitsa ana nyimbo za kutchalitchi ndi kuwafunsa za kusukulu. Ankawauza kuti wina akapatsidwa chinangwa, adule patatu. Ankapemphereranso alamu ake, kuwatchula mmodzimmodzi. Akafika pamenepo ine ndinkadzuka kukaona nkhuku.

Zimene ndinanena kuseri kwa nyumba kuja zinachitika. Yunifomu sitinagule ndi aleluya. Tinavutika kwambiri. Ndinagulitsa mbuzi, ndinalima maganyu m'mafamu ndi msana wokalamba, mtsikana wamkulu anakhala chaka chathunthu osapita kusukulu. Masiku ena tinkagonera maungu. Nthawi zotero ndinkaiona firiji ija m'maso mwanga, ndipo ndinkatukwana chamumtima, amoyo ndi akufa omwe.

Pa maliro a mwana wanga panalibe chotulutsa panja. Azibambo anakhala pa zitsa ndi pa njerwa. A kuchimuna anabwera, mochedwa, ndipo mkulu wa mpingo anapempha kuti anenepo mawu. Ndinatuma uthenga kwa abusa athu kuti akangoimirira munthu ameneyo, ine ndivula chitenje pamaso pa anthu. Sanaimirire. Tsiku lonse ana atatu ndinawakhazika pambali panga, kamng'ono ndikukagwira dzanja. Koma panalibe amene anawafunsa. Opanda firiji kumbuyo kwawo, anawo sanali a magazi a munthu aliyense.

Anthu amakonda nkhani zoti wolanda za amasiye chimamugwera. Ine sindinachione. Patapita zaka ndinapita kwa mkulu uja, mwana wake akukwatiwa, chifukwa adzukulu anga anati ndi msuweni wawo, sangapite okha. Sofa yofiira inali pabalaza, yosang'ambika, atayala tinsalu toluka pamitu. Chiswe sichinaidye. Iye ananenepa, anali atakwezedwa udindo mu mpingo. Anandilozera sofayo kuti ndikhale. Ndinakhala pansi.

Ndimapitabe kutchalitchi, ndimakhala benchi ya kumbuyo pamene ndimaona onse. Akamalalikira zoti chuma chathu chili kumwamba, ndimayang'ana nsapato za wolalikayo. Mawu aja ndinawamva kwa anthu awiri pa maliro amodzi, wina akupakira lole, wina akulola kuti ipakidwe. Mwana wanga ndiye ankawakhulupirira, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire kwenikweni chifukwa cha mapoto. Akanasiyako ngakhale imodzi.

Ana aja anakulira m'nyumba imodzi, pa mphasa imodzi, akulimbirana bulangete. Lero ndi akuluakulu, ali ndi makomo awo, ndipo wina akadwala enawo amafika ine ndisanamve n'komwe. Wamkulu uja akundinyengerera kuti andigulire sofa. Ndamuuza kuti asayerekeze, sindifuna anthu adzapeze chofinya pa maliro anga. Kampando kalipo, mwendo umodzi ndinaumanga ndi waya. Ndawauza atatuwo kuti tsiku langa likadzafika adzakatulutse pabwalo monga mwa mwambo, ndipo mmodzi wa iwo asadzalire, adzakhale pansi pa mtengo n'kumayang'ana amene ati akatembenuze kuona kunsi kwake.